Ng'ombe ikudya koma mkaka ukutsika, ndowe zili zamadzi: yang'anani kuchifu

Abale athu amene akugwira ntchito m'mafamu a mkaka ozungulira Joni, kuyambira ku Heidelberg ndi Walkerville mpaka ku Randfontein ndi Bronkhorstspruit, amabwera ndi dandaulo lofanana chaka ndi chaka. Ng'ombe yabereka bwinobwino, chakudya chilipo, koma lero idya, mawa ingonunkhiza n'kuchoka. Ndowe zikutuluka ngati phala la mwana, mkaka ukukwera n'kutsika, ndipo pepala la ogula mkaka likusonyeza kuti mafuta achepa. Ambiri amathamangira mankhwala a njoka zam'mimba kapena jakisoni. Kawirikawiri si njoka ayi. Chifu chasasa. Madokotala a ziweto amati acidosis, ndipo mwini famu akakhala wolankhula Afrikaans mudzamumva akuti suurpens.

Zimene zikuchitika m'katimo

Mimba ya ng'ombe ili ndi zigawo 4, ndipo chachikulu, chimene chimadzaza mbali yonse yakumanzere, ndicho tikuchitcha chifu pano. Mu ng'ombe yaikulu ya mtundu wa Holstein chimalowa malita 150 mpaka 200. Ng'ombe payokha singagaye udzu. Ntchitoyo imagwiridwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya ndi tinzake, timene timawiritsa chakudya monga umawirira mowa mumbiya. Tikamawiritsa timatulutsa asidi wa mitundu 3, ndipo ameneyu ndiye chakudya chenicheni cha ng'ombe. Acetate amachokera kwambiri ku udzu ndipo ndiye amapanga mafuta a mumkaka. Propionate amachokera kwambiri ku chimanga ndi zina za sitachi, chiwindi chimamusandutsa shuga, ndipo shugayo ndiye amakoka malita. Butyrate ndi wochepa, amadyetsa khungu la m'kati mwa chifucho. Ng'ombe yodya udzu wokwanira imakhala ndi acetate pafupifupi magawo 65 pa 100, propionate 20, butyrate 15.

Tizilombo togaya udzu timafuna pH ya pakati pa 6.0 ndi 6.8 (pH ndi muyeso wa kusasa: nambala ikamatsika, asidi akuchuluka). Ikatsika pansi pa 6.0 timayamba ulesi. Ikakhala pansi pa 5.6 kwa maola opitirira 3 pa tsiku, ng'ombe ili kale m'vuto lobisika lija, lodya-n'kusiya. Ikafika cha pa 5.0, ndiye ngozi yeniyeni: bakiteriya wotchedwa Streptococcus bovis amachulukana msangamsanga n'kumatulutsa lactic acid, amene ndi waukali kuposa atatu aja, tizilombo ta udzu timafa, ndipo madzi a m'thupi amakokedwera m'chifu. Aliyense amene anaiwalapo thobwa padzuwa masiku awiri akudziwa kuti likangosasa silibwereranso.

Chimene chimaletsa kusasako ndi malovu. Ng'ombe yamkaka imapanga malita 100 mpaka 200 a malovu pa tsiku, ndipo muli soda wachilengedwe. Malovu ambiri amatuluka pobzikula, ndipo chimene chimabzikulitsa ng'ombe ndi udzu wautali umene umakanda m'chifu. Dairy meal, chakudya chaufa chogula cha ng'ombe zamkaka, imamezedwa m'mphindi 10, malovu ake ochepa, asidi wake wambiri. Vuto lonse lagona pamenepa.

Yambani ndi maso, musanagule kanthu

Pitani kukhola patapita maola 2 ng'ombe zitadya, muwerenge zimene zagona. Pa 10 zilizonse, zosachepera 5 kapena 6 ziyenera kukhala zikubzikula. Sankhani imodzi, muwerenge kutafuna kwake kuyambira pamene chakudya chakwera kukhosi mpaka pamene yameza. Kukhale 50 mpaka 70. Kukachepera 40, udzu wautali ukusowa. Mukapeza timibulu ta udzu wotafunidwa titalavulidwa pansi pamene ng'ombe inagona, chimenechonso n'chizindikiro, ngakhale muyenera kuonanso mano ake.

Kenako imani kumanzere kwa ng'ombe, mukanikize chibakera m'dzenje limene lili pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno. Mudzamva chifu chikukankha dzanja lanu n'kubwerera. Chichite zimenezi pafupifupi katatu pa mphindi 2. Chikakhala zii, kapena mukamva madzi akukhuvuka mukachigwedeza, zinthu zafika poipa.

Ndowe ndizo zimanena zoona kuposa china chilichonse. Zabwino zimagwa n'kuunjikana masentimita 3 mpaka 4, pakati pali kadzenje, ndipo zimamatirira pang'ono kunsonga ya gambuti. Za chifu chosasa zimamwazika, zimaoneka zachikasu kapena zotuwa, zili ndi timathovu, fungo lake lowawasa. Chodziwikiratu china n'chakuti m'khola limodzi, ng'ombe zodya chakudya chimodzi, ndowe zimasiyana: izi zolimba, izo zamadzi, ndipo ng'ombe imodzimodziyo imasintha tsiku ndi tsiku. Tapani ndowe zodzaza kapu, muziike mu sefa wa ufa, muzitsuke pampopi mpaka madzi ayere. Zotsalazo zikhale zochepa ndi zosalala. Mukapeza timitengo ta udzu topitirira sentimita 1 tambirimbiri, maso a chimanga athunthu, kapena tizikopa toterera ngati khungu la soseji, chakudya chikudutsa osagayika ndipo matumbo akupsa.

Papepala la mkaka onani manambala awiri. Mafuta a Holstein amakhala cha pa 3.5 mpaka 3.8 peresenti, a Jersey amayandikira 5. Mafuta akatsika mpaka kufanana ndi puloteni kapena kuchepera, ganizani za chifu. Koma samalani ndi mbali inayo: ng'ombe yongobereka kumene, yoonda msanga, mafuta ake okwera kuposa puloteni kamodzi ndi theka, mpweya wake wonunkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, imeneyo ili ndi ketosis. Ikusowa mphamvu, ndipo kuichepetsera dairy meal kungoionjezera mavuto.

Kumene kumalakwika kawirikawiri

Choyamba ndi kuchuluka kwa dairy meal pa nthawi imodzi. M'mafamu ang'onoang'ono ambiri ng'ombe imapatsidwa pokama basi, m'mawa ndi madzulo. Muyeso wofala ndi 1 kg pa malita 2.5 mpaka 3 a mkaka. Ng'ombe ya malita 30 ndiye ikufuna 10 mpaka 12 kg, kutanthauza 5 kapena 6 kg pa mkamo umodzi. N'zochuluka. Musapitirire 3 mpaka 4 kg pa kudya kumodzi. Gawani kanayi, kapena katatu ngati anthu ndi ochepa: pokama m'mawa, masana, pokama madzulo, ndipo gawo lililonse litsatire udzu. Ng'ombe imene yagona usiku wonse chodyeramo chili mbee, n'kuyamba tsiku ndi dairy meal, pH yake imagwa kwambiri pakatha maola 2 mpaka 4. Ikani udzu wouma pang'ono mphindi 30 musanayambe kukama.

Ndipo yezani chitini chanu pa sikelo. Chitini cha malita 5 si makilogalamu 5. Chikadzaza hominy chop (zotsala pokonola chimanga) chimalemera mosiyana ndi chikadzaza mapeleti, ndipo wokama wa Lamlungu amatapa mosiyana ndi wa Lolemba. Lembani mzere m'chitinimo ndi penti.

Chachiwiri ndi kuchepa kwa udzu, ndipo apa anthu amanamizidwa ndi madzi. Ng'ombe iyenera kudya udzu wolemera pafupifupi 1.5 peresenti ya thupi lake, powerengera udzuwo utachotsedwa madzi. Ya 600 kg ikufuna 9 kg. Ukakhala wa m'mabelo, eragrostis, teff kapena lucerne, umene madzi ake ndi magawo 10 mpaka 12 okha pa 100, ndiye 10 kg yakwana. Koma sayileji wa chimanga (chimanga chodulidwa chachiwisi ndi mapesi ake n'kusungidwa m'dzenje) magawo 65 mpaka 70 ndi madzi, choncho kuti mupeze 9 kg yomweyo mufunika 26 mpaka 30 kg, ndipo m'menemo muli kale chimanga chake. Wilibala yodzaza sayileji imaoneka yambiri, koma n'kutheka kuti ng'ombe yalandira theka la zimene ikufuna. Mvula ikagwera padzenje la sayileji losavundikira, kulemera kumakwera koma udzu ndi womwewo, ndiye tsiku limenelo onjezerani. Pa chakudya chonse cha tsiku, udzu ndi sayileji zisachepere magawo 40 pa 100, ndipo 50 ndiye pabwino. Amene amatumiza chakudya kukayezetsa aone kuti NDF, muyeso wa gawo la udzu m'chakudya, isachepere 28 mpaka 30 peresenti, sitachi asapitirire 25 mpaka 28.

Utali wa udzu nawo ndi nkhani. Ukaperedwa pachigayo mpaka kukhala ufa, papepala umaoneka kuti ulipo koma sukubzikulitsa. Ukatalika kuposa kukamwa kwa ng'ombe, m'chakudya chosakaniza ng'ombe imaukankhira kumbali ndi mphuno n'kumanyambita zaufa pansi. Mudzaona timaenje m'chodyeramo, ndipo zotsala m'mawa ndi mapesi okhaokha. Dulani masentimita 3 mpaka 5. Chosakanizacho chikhale chonyowa pang'ono, moti mukachifinya m'manja chigwirane koma osadontha. Chikauma thirani madzi kapena molasses wosungunula. Musasiye ngolo yosakanizira ikuzungulira nthawi yaitali mutaika kale zonse, imapera udzu. Ng'ombe iliyonse ikhale ndi malo a masentimita 60 mpaka 75 pachodyeramo, apo ayi zamphamvu zimatha zaufa, misoti n'kutsala ndi mapesi, kenako n'kudzadya mothamanga ikapeza mpata.

Chachitatu, chimene n'chofala kwambiri kuno kuposa kumudzi, ndi zakudya zotsika mtengo za m'tauni. Buledi wotsala ku mabekare ndi tirigu wopera ndi wophikaphika, amawira msanga kuposa chimanga chilichonse. Tirigu ndi balere zimawira msanga kuposa chimanga, chimanga chimaposa mapira, ndipo chilichonse chikaperedwa kwambiri liwiro limakwera. Buledi muziwerengera ngati dairy meal, osati ngati chongoonjezera: yambani ndi theka la kilogalamu, musapitirire 2 kapena 3 kg pa tsiku, ndipo chotsani dairy meal yofanana nayo. Zotsala za ku msika wa City Deep, kabichi, zipatso, mbatatesi, n'zamadzi ndi shuga, udzu mulibe. Lero kubwera lole ya mavwende, mawa ya mbatatesi, tizilombo ta m'chifu sitidziwa tizolowere chiti. Mbatatesi yathunthu imathanso kutsamwitsa, ndipo mapepala apulasitiki ndi zingwe zimatsalira m'chifu moyo wonse. Masese a ku fakitale ya mowa ndi abwino pa puloteni, koma timaudzu take n'tatifupi, sitilowa m'malo mwa belo, ndipo kukatentha amachita chuku pasanathe sabata.

Hominy chop tiitchule payokha, chifukwa ambiri aife timaiona ngati madeya akwathu. N'zapachibale, koma imeneyi imakhala ndi ufa wambiri ndi mafuta a mtima wa chimanga, ndipo thumba lina limasiyana ndi linzake. Mafuta a mbewu akachuluka, pamwamba pa chifu chosasa kale, mabakiteriya amawasandutsa mtundu wina wa mafuta umene umakatseka bere kuti lisapange mafuta a mumkaka. N'chifukwa chake mafuta amatha kugwa m'masiku ochepa chabe mukasintha kogula. Mafuta onse m'chakudya asapitirire 6 peresenti.

Kusintha mwadzidzidzi

Tizilombo timene timadya lactic acid n'kumuchotsa ululu, monga Megasphaera elsdenii, timachulukana pang'onopang'ono kuposa timene timamupanga. Timafuna masabata 2 mpaka 3. Tinyama tonga thaulo timene mumationa pa chifu mukapha ng'ombe, timene timayamwa asidi kupita m'magazi, timafupika ng'ombe ikamadya udzu wokha ndipo timatenga masabata 4 mpaka 6 kuti titalikenso. Ndiye ganizani ng'ombe imene yakhala miyezi 2 kudambo osakamidwa, yabereka Lachiwiri, Lachitatu yapatsidwa 8 kg.

Kutatsala masiku 21 kuti ibereke, yambani ndi 1 kg pa tsiku, mukwere mpaka 3 kg pofika tsiku lobereka. Ikabereka onjezerani osapitirira theka la kilogalamu pa tsiku, ndipo tsiku limene yasiya udzu, imani kaye pomwepo. Chenjezo limodzi: ng'ombe yoyembekezera kubereka musaipatse soda, ndipo lucerne achepe. Ziwirizi zimachititsa kuti ikabereka calcium asowe m'magazi n'kugwa pansi osadzuka.

Nyengo ya kuno ili ndi misampha iwiri. Mvula ikayamba mu Okutobala, udzu wa kikuyu umaphuka wofewa, wamadzi, wa puloteni yambiri, ndipo ryegrass wothirira m'nyengo yozizira amachita chimodzimodzi, kuonjezapo shuga. Ndowe zimakhala zobiriwira kwambiri ndi zamadzi. Musachotse belo tsiku limene msipu wabiriwira; 1.5 mpaka 2 kg ya udzu wouma pa ng'ombe ipitirire. Chisanu chikawotcha kikuyu mu Meyi kapena Juni, ng'ombe zimasamukira ku sayileji, ndipo kusamukako kutenge masiku 10 mpaka 14, mukusakaniza chakale ndi chatsopano. Dzenje la sayileji musalitsekule lisanathe masabata 3, ndipo dziwani kuti chimanga cha m'sayileji chimanka chifewa: sayileji wa dzenje lomwelo pakatha miyezi 6 amawira msanga m'chifu kuposa pamene munalitsekula. Tapani masentimita osachepera 15 kumaso konse kwa sayilejiyo tsiku lililonse kuti asatenthe, ndipo wachuku tayani, musam'bise pakati pa wabwino.

Mu Disembala ndi Januwale ng'ombe ikamapuma mwawefuwefu dovu likuchucha, soda wake akutayikira pansi. Imasiya kudya masana n'kudzadya mwaphuma madzulo. Mthunzi, madzi, ndiponso gawo lalikulu la chakudya liperekedwe kukazizira. Madzi amafunika malita 80 mpaka 120 pa ng'ombe, ndipo magetsi akazima pampu n'kuima, ng'ombe zaludzu sizidya, kenako zimabwezera zonse pakamodzi. Thanki yosungira madzi a tsiku lathunthu imapulumutsa zifu zambiri.

Za soda

Soda wa ziweto, sodium bicarbonate, amathandiza: magalamu 150 mpaka 200 pa ng'ombe yokamidwa pa tsiku, osakaniza bwino m'chakudya, kapena magawo 3 a soda ndi gawo 1 la magnesium oxide. Funsani kaye ngati dairy meal yanu ilibe kale. Koma tinene mosabisa, soda ndi chigamba. Famu imene ikuthira soda koma ikupitiriza 6 kg pa mkamo umodzi ikungochedwetsa vuto, ndipo lidzaonekera m'ziboda. Kutsimphina, timadontho ta magazi pansi pa chiboda ndi mizere yozungulira chiboda zimabwera patapita masabata 6 mpaka 8, anthu ataiwala kale za ndowe zija. Zina zimachita zithupsa m'chiwindi, ndipo ng'ombe yotuluka magazi m'mphuno popanda kuvulala nthawi zambiri inayambira kuchifu miyezi yapitayo.

Ikathyola chitseko n'kudya thumba lonse

Musadikire kuti idwale, chifukwa zizindikiro zimachedwa maola 12 mpaka 36. Ichotseni pa zaufa zonse, ipatseni udzu wouma wabwino, muiyendetse pang'onopang'ono, ndipo musailole kumwa madzi ambiri nthawi imodzi kwa maola 18 mpaka 24. Itanani dokotala wa ziweto nthawi yomweyo. Iye amathira magnesium hydroxide pafupifupi magalamu 500 m'madzi ofunda kudzera m'paipi yakukhosi, amabaya vitamini B1, ndipo ikafooka amaika diripi kapena kutsekula chifu n'kuchotsa zonse. Akakhala kutali ndipo ng'ombe ikuimabe n'kumeza bwino, magalamu 200 mpaka 250 a soda m'malita 2 a madzi angagwirizize. Mwetsani ndi botolo m'mbali mwa kamwa, mutu usakwere kuposa msana, musagwire lilime, ndipo ikatsokomola siyani. Madzi olowa m'mapapo amapha msanga kuposa asidi. Yogona kale, maso olowa, makutu ozizira, musaimwetse kanthu. Ikayamba kuchira, zam'chifu za ng'ombe yathanzi, malita 5 mpaka 10 osefa ndi ofunda, zimabwezeretsa tizilombo tija. Dairy meal ibwerere pakatha masiku 3 kapena 4, kuyambira pa 1 kg.

Mavuto awiri amene amasokonezedwa ndi limeneli

Kutupa mimba, kumene a Afrikaans amati opblaas, kumabwera ng'ombe zanjala zikalowa mu lucerne wanthete, makamaka wamame. Chifu chimatulutsa mpweya malita 30 mpaka 50 pa ola, ndipo ng'ombe imaugeya osaonekera. Lucerne amausandutsa thovu losageyeka, ndipo kumanzere kumafufuma n'kumalira ngati ng'oma. Mwetsani mafuta ophikira mamililita 250 mpaka 500, muimike miyendo yakutsogolo pamalo okwera, muiyendetse. Ikayamba kupuma ndi kamwa n'kumadzandira, mphindi zatsala zochepa: kuboola ndi trocar, chitsulo chosongoka cholowa m'kapaipi, pakati pa dzenje lakumanzere lija, kuloza kuchigongono cha mwendo wakutsogolo wakumanja. Thovu likakhala lolimba trocar imatsekeka, ndiye thirani mafutawo kudzera momwemo. Popewa, zikhutitseni udzu wouma zisanalowe, dikirani mame aume, kapena dulani lucerne afote tsiku limodzi.

Linalo ndi urea wa mu lick, chakudya chonyambita chosakaniza ndi mchere, yanyengo yozizira. Apa chifu sichisasa, chimachita zosiyana, ammonia amachuluka. Mvula yoyamba ikagwera m'chodyeramo chosafolera, urea amasungunuka, ng'ombe n'kumwa madzi otsekemerawo. Pasanathe ola imanjenjemera, dovu chuchuchu, kudzandira, kugwa. Mukaipatsa soda mwaimaliza. Mankhwala ake ndi vinega wa kukhitchini, malita 4 mpaka 6, kutsatiza madzi ozizira malita 20, makamaka kudzera m'paipi. Choncho musanamwetse kanthu, funsani kuti yadya chiyani. Chodyeramo lick chikhale ndi denga ndi zibowo pansi, ndipo ng'ombe imene sinalawepo lick kapena yasowa mchere iyambe ndi mchere wokha sabata imodzi.

Mukakonza zonsezi, kubzikula ndi ndowe zimasintha m'masiku 3 mpaka 7, koma mafuta a mumkaka amatenga masabata 2 mpaka 3, ndiye musasinthenso chakudya pakati poganiza kuti sizinagwire. Ng'ombe imodzi ikatsalira zinzake zitachira, iyezeni kutentha. Kwabwino ndi madigiri 38 mpaka 39.3. Kukapitirira apo, ganizani matenda a nkhupakupa, bere kapena chiberekero. Yongobereka kumene imene ikudya udzu koma kukana dairy meal, ndowe zochepa zamatamata, mwina chigawo chomaliza cha mimba chasunthira kumanzere. Ikani khutu panthiti zomaliza n'kugogoda ndi chala, mudzamva kulira ngati chitini chopanda kanthu, ndipo imeneyo ndi ntchito ya dokotala. Yoima msana utapindika, yobuula potsika chitunda, mwina yameza waya wa belo kapena wa matayala akale ophinjira sayileji. Imeneyo imafuna maginito omezetsa, ndipo matayala amene waya wake watulukira achotsedwe padzenjepo.